Zikomo za Dzulo: Kalata kwa a CARTA, Amene Munamva Funso la Namwino

Okondedwa a CARTA,

Zikomo za dzulo. Kwathu munthu akakuchitira chabwino sumathokoza kamodzi n'kutha. Umalawirira m'mawa mwake, mame asanakamuke, n'kukaodira pakhomo pake kukabwereza zikomo uja. Ine dzulo langa latalika, lasanduka zaka. Ndakhala ndikunena kuti ndilemba mawa, ndilemba ophunzira akatsekera, ndilemba ndikamaliza kuchonga mayeso. Mundikhululukire. Lero ndakhala pansi.

Zikomo chifukwa cha mayi aja a ku ofesi kwanu, amene ankatitumizira matikiti a ndege ndi kutikumbutsa tsiku lopereka lipoti. Ndiwo andikhazika pansi. Uthenga wafika pa WhatsApp, pagulu lathu la amene tinadutsa m'manja mwanu, wakuti atsanzika, apeza ntchito kwina. Ndinauwerenga kawiri, kenako manyazi anandigwira. Zaka zonsezi ndawalembera maimelo osawerengeka, ndipo onse anali opempha: tikiti yanga ili pati, ndalama zifika liti, mundionjezereko sabata imodzi. Yongonena zikomo palibe ndi imodzi yomwe.

Ndikukumbukira usiku umene zonsezi zinayambira, inu ndi ine tisanadziwane. Ndinali pa naiti ku nesale ya chipatala china cha boma. Cha m'ma 2 koloko m'bandakucha mayi wina analowa ndi kamwana kokulungidwa m'zitenje zitatu. Ndinamuzindikira. Masiku 9 okha anali atadutsa chimutulutsireni, mwana akuyamwa bwino, sikelo ikukwera, iye atandilonjeza kuti azimusunga pachifuwa usana ndi usiku monga tinamuphunzitsira. Nditakhudza mwanayo ndinamva ngati ndagwira mtsuko wa madzi ogonera panja. Tinayesa zonse. Pofika nthawi yopatsana lipoti m'mawa, mayi uja anali akulira pakhonde.

Ndikukumbukiranso funso limene ndinatuluka nalo m'wodi muja. Mayi ameneyu sanali wosasamala, ndinamuona ndekha mmene ankamukondera mwana wake. Nanga chinachitika n'chiyani pakati pa geti la chipatala ndi khomo la nyumba yake? Nditafunsa asisitala oyang'anira wodi, anandiyang'ana ndi maso ofiira ndi tulo n'kunena kuti, "Inu gawani mankhwala. Zofufuzafufuza n'za madokotala." Ndinawakwiyira nthawi yaitali. Lero ndinawakhululukira, chifukwa ndikudziwa kuti anali ndi ana odzaza mabedi onse ndi anamwino awiri okha. Munthu wosenza mtolo wotere alibe khosi lotembenukira ku funso.

Zikomo kuti pamene ine ndinkameza funso langa, kwinakwake anthu anali kumanga nyumba yoti lidzakhalemo. Mu 2008 munabadwa inu, Consortium for Advanced Research Training in Africa, ndipo mizati yanu inali iwiri: African Population and Health Research Center (APHRC) ku Nairobi, ndi University of the Witwatersrand ku Johannesburg. Dr Alex Ezeh ndi Pulofesa Sharon Fonn anaona chimene tonse tinkachiona koma tinkangochidandaula pakamwa. Sukulu zathu zaukachenjede zadzaza ophunzira, aphunzitsi okhala ndi PhD ndi ochepa, ndipo amene apita kunja kukaitenga nthawi zambiri amakakhazikika komweko.

Zikomo chifukwa chosankha kutiphunzitsira konkuno. Ine ndine wa m'badwo umene unaona anzathu akulongedza m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, kupita ku Manchester, ku Leeds, ku London, kukagwira ntchito yaunamwino kumene malipiro amafika kumapeto a mwezi. Sindiwanena, ambiri a iwo aphunzitsa abale ndi kumangira makolo nyumba za malata. Koma mawodi athu anatsala ndi mipata ngati mkamwa mwa nkhalamba. Inu munanena kuti wofuna thandizo lanu akhale wogwira kale ntchito pa imodzi mwa sukulu zanu, digiri yake alembetse mu Africa muno, ndipo akamaliza abwerere kukaphunzitsa kumene anachokera.

Zikomo kuti pamndandanda wa sukulu zanu munalembapo University of Malawi, pambali pa Makerere, Ibadan, Obafemi Awolowo ya ku Ile-Ife, Moi ya ku Eldoret, Nairobi, Rwanda ndi Wits. Gulu lanu loyamba linayamba maphunziro mu 2011. Nthawi imeneyo ndinali nditachoka m'wodi n'kuyamba kuphunzitsa ku Kamuzu College of Nursing. Mkulu wa kolejiyo anali Pulofesa Address Malata, namwino ndi mzamba ngati ine, amene mu 2016 anadzakhala mayi woyamba m'dziko muno kutsogolera yunivesite, ku MUST, ku Thyolo. Kuwaona iwo kunandiuza kuti njira ilipo. Inu ndi amene munandipatsa nsapato zoyendera.

Ndikukumbukira mayeso anu olowera. Munatipatsa nkhani za kafukufuku zoti tiwerenge ndi kuzitsutsa, masamu oti tisove, ndi phunziro la kuipa kwa kuba mawu a eni. Ndinkazichita ana atagona, magetsi akazima ndikuunikira ndi foni. Amuna anga ankadzuka n'kundipeza ndikukangana ndi pepala. Tsiku limene imelo yanu inafika yonena kuti ndasankhidwa, ndinali m'kalasi, ndikuphunzitsa kasambitsidwe ka wodwala wosatha kudzuka. Ndinauza ophunzira kuti ayambe ayeserera okha, ndinatuluka, n'kukalirira kuseri kwa laibulale.

Zikomo chifukwa cha Nairobi, kumene tinachita woyamba mwa misonkhano inayi imene tonse timangoitchula kuti JAS. Pafupifupi mwezi wathunthu munandikhazika pakati pa anthu amene sindikanakumana nawo m'wodi: katswiri wa zachuma, dokotala wa mano, wowerenga chiwerengero cha anthu, wophunzira za chikhalidwe. Nditanena kuti ndikufuna kufufuza za ana obadwa masiku asanakwane, wa zachuma uja anandifunsa kuti mayi akakhala pansi mwezi wonse atafungatira mwana, banjalo limataya ndalama zingati. Zaka zanga zonse zaunamwino ndinali ndisanaganizepo zimenezo.

Zikomo chifukwa chondivutitsa ndi funso limodzimodzi mpaka ndinatopa nalo: kodi kwenikweni mukufuna kudziwa chiyani? Ndinayankha ndi tsamba lathunthu, munati lifupike. Ndinabweretsa ndime imodzi, munati muli mafunso atatu m'menemo, sankhanipo. Pofika sabata yachitatu linatsala chiganizo chimodzi, ndipo nditachiwerenga mokweza ndinazindikira kuti ndi funso lomwe lija la usiku wa ku nesale, lopanda chovala chilichonse. Palibe amene anandiuza kuti ndikagawe mankhwala. Tinakula tikuuzidwa kuti safunsa anadya phula, koma inu ndinu oyamba kundiuza kuti kufunsako kungakhale ntchito ya munthu.

Ndikukumbukira chinsinsi chimene ndinafika nacho ku Nairobi. Ndinali woyembekezera, ndipo ndinkavala madiresi otaya kuti musaone. Mzamba wathunthu, wodziwa kuzindikira pakati pa mayi wodutsa kutsidya la msewu, ndikubisa pangapanga! Ndinkaopa kuti mukadziwa, malo anga muwapatsa wina wopanda zomuchedwetsa. Tsiku lomaliza ndinawakokera pambali mayi a ku ofesi aja n'kuwauza, mawu akunjenjemera. Anaseka, anandikumbatira, n'kutulutsa kabuku kawo kulemba mwezi umene ndikuyembekezera. Kenako anandifunsa kuti ku Johannesburg ndidzabwera ndi ndani wondigwirira mwana.

Zikomo chifukwa cha tikiti ya amayi anga. Munali ndi lamulo lakuti mayi woyamwitsa abwere ku JAS ndi mwana wake pamodzi ndi womulera, ndalama zake zili kwa inu. Ine ndinasankha amayi. Anali asanakhalepo ndi pasipoti, ndipo ndege ankaidziwa ngati kamzere koyera kumwamba pamene akupalira. Pabwalo la ndege ku Lumbadzi anamanga chitenje mwamphamvu ngati akupita kukasenza nkhuni. Ndege itanyamuka anagwira dzanja langa n'kuyamba kupemphera chapansipansi, ndipo Amen anamunena titatera ku Joni.

Zikomo chifukwa cha masabata a ku Parktown, mitengo ya jakaranda itachita maluwa ngati ya ku Lilongwe kwathu. M'mawa ndinkaphunzira kasankhidwe ka anthu oti alowe m'kafukufuku ndi kasungidwe ka zimene tapeza. Nthawi ya tiyi ndinkathamanga kukayamwitsa. Amayi, opanda Chingerezi, anapalana ubwenzi ndi gogo wina wa ku Nigeria amene anabweranso kudzalera mdzukulu. Ankacheza ndi manja, akuonetsana kaberekedwe ka mwana kumbuyo. Mwana wanga akalira pamene amayi akusamba, gogo uja ankamunyamula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu ndinauona ukuyenda wopanda womasulira.

Zikomo kuti munawerenga zaka za akazi mwachilungamo. Malire olowera munawaika pa zaka 40 kwa abambo ndi 45 kwa amayi, podziwa kumene zaka zathu zimapita: kuchikuta, kusikelo, pamphasa ya gadiyani pansi pa bedi la apongozi odwala. Mnzanga wina wa m'gulu lathu analowa ali ndi zaka 43, mwana wake woyamba ali kale ku koleji. Kwina konse akanauzidwa kuti wachedwa. Lero akutsogolera dipatimenti.

Zikomo chifukwa cha inki yofiira, ngakhale panthawiyo sindinathokoze. Pakati pa JAS ndi JAS tinkatumiza zolemba zathu pa intaneti kwa aphunzitsi a kalembedwe a ku Santiago, ku Chile. Mutu wanga woyamba unabwerera uli ngati nsalu ya ku leba. Ndinatseka laputopu, masiku atatu osaitsegula, ndikuuza aliyense kunyumba kuti anthu amenewa sadziwa kuti ndine mphunzitsi. Tsiku lachinayi ndinawerenga ndemanga zawo imodzi imodzi, ndipo zonse zinali zoona. Ndinkabisala kuseri kwa mawu akuluakulu poopa kunena maganizo anga. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale kutsidya la nyanja.

Zikomo chifukwa cha laputopu ija. Inagwa pa kabaza kawiri, inamwa phala la mwana kamodzi, batani la chilembo cha "e" linachoka, koma inandifikitsa kumapeto. Zikomo chifukwa cha ndalama ya mwezi ndi mwezi, imene inandilola kukana maganyu a Loweruka n'kukhala pansi kuwerenga. Zikomo kwa amene ankadzaza nkhokwe yanu: Wellcome Trust, Carnegie Corporation of New York, Sida ya ku Sweden, ndi pulogalamu ya DELTAS Africa. Sadzandidziwa nkhope, koma mafuta a galimoto yopita kumidzi anali awo.

Zikomo kuti simunaphunzitse ine ndekha. Munaitana oyang'anira kafukufuku wathu kuti nawonso akaphunzire kulera wophunzira wa PhD. Munaitana a ku laibulale, owerengera ndalama, ndi a m'maofesi olembetsa ophunzira. Poyamba ndinkadabwa kuti akaunti akukatani ku maphunziro a kafukufuku. Ndinamvetsa tsiku limene ndinafuna ndalama zoyendera kumudzi mvula isanayambe, ndipo bambo wa ku akaunti, amene anali atapitako ku maphunziro anu, anandifunsa yekha kuti mlatho wa kumeneko umadutsika mpaka mwezi uti. Wobzala mtengo wanzeru amayamba wakonza dzenje.

Zikomo chifukwa chondibwezera kwa amayi a ana obadwa masiku asanakwane, ulendo uno wopanda yunifolomu. Chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku ya COMREC chili m'chikwama, ndinakhala pamphasa m'makonde mwawo, kufunsa ndi kumvetsera. Mbiri ya kangaru, njira yofungatira mwana pachifuwa, ndinkaidziwa ya m'mabuku: inayambira ku Bogotá, ku Colombia, mu 1978, pamene Dr Edgar Rey anasowa makina ofunditsira ana n'kuganiza zoti chifuwa cha mayi chigwire ntchitoyo, kuno inafika mu 1999 pa chipatala chachikulu cha Zomba. Ndinkadziwanso kuti lipoti la padziko lonse la 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 pa 100 alionse obadwa masiku asanakwane. Chimene sindinkadziwa chinali pakhonde.

Ndikukumbukira mayi amene ananditsegula maso. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Anesi, mwana amaberekedwa kumbuyo. Ali pachifuwa ndisinja bwanji? Ndiwerama bwanji pamoto? Madzi anditungire ndani?" Wina anandiuza kuti apongozi ake anati kuika mwana kutsogolo n'kuonetsa mudzi wonse kuti m'banjamo mwabadwa kosakhwima. Winanso anati amuna ake anali okonzeka kumufungatira mwanayo, koma palibe anawauza kuti chifuwa cha bambo nachonso chimafunda. Ndinabwerera kugalimoto miyendo italemera. Zaka zonse zija ndinkalangiza mayi yekha, pamene zochita za mayiyo zili m'manja mwa nyumba yonse.

Zikomo chifukwa cha Ibadan, kumene munatitsekera ndi zimene tinasonkhanitsa mpaka zitayankhula. Tsabola wa kumeneko anandiliza tsiku loyamba, manambala anandiliza lachiwiri. Mphunzitsi wina ataona ndikuthawa tebulo la ziwerengero anandikumbutsa kuti Florence Nightingale, amene timamukumbukira pa 12 May chaka chilichonse titanyamula nyali, anagonjetsa akuluakulu a asilikali ndi ziwerengero za imfa za ku nkhondo ya ku Crimea, n'kuwaonetsa kuti matenda ankapha asilikali ambiri kuposa zipolopolo. Kusukulu ya unamwino anatiphunzitsa za nyali. Za manambala ndinakazimvera kwa inu.

Ndikukumbukira mantha a mu 2017, pamene tinamva kuti Dr Ezeh akutula udindo wotsogolera APHRC, bungwe limene analilera kuyambira lili laling'ono. Tinkanong'onezana kuti kodi zipitirira? Kuno taona zambiri zikufa tsiku limene mwini wake wanyamuka: chikwangwani chimatsala pamsewu chikuchita dzimbiri, galimoto ili pamiyala kuseri kwa ofesi. Iwo anapita kukaphunzitsa ku Drexel University, ku Philadelphia. Mpando anausiyira Dr Catherine Kyobutungi, dokotala wa ku Uganda wophunzira ku Makerere ndi ku Heidelberg, amene anali kale m'nyumbamo. Mwezi wotsatira ndalama yathu inafika, ndipo tsiku lopereka lipoti silinasunthe ngakhale pang'ono, ngakhale ena tinkalakalaka litasuntha.

Zikomo, Dr Ezeh, chifukwa chodziwa kuchoka. Kumanga ambiri amatha, koma kusiya makiyi patebulo uli ndi mphamvu zako zonse ndi luso losowa m'dera lathu lino. Zikomo, Pulofesa Fonn, chifukwa choumirira kuti wophunzira wa ku Africa asapatsidwe muyezo wofewa pomumvera chisoni. Zikomo, Dr Kyobutungi, chifukwa cholandira munda wa eni n'kuulima ngati wanu, osazula mbewu za amene anakutsogolerani pofuna kuti anthu aone kuti mwafika.

Zikomo chifukwa cha Kampala, JAS wotsiriza, kumene munatiphunzitsa zimene palibe amaphunzitsa: kulemba pempho la ndalama za kafukufuku, kuyankhula ndi opanga malamulo m'mawu oti amve, kutsogolera gulu, kuphunzitsa popanda kungolalikira. Munakonza zoti ife omaliza tikhale malo amodzi ndi ongoyamba kumene. Madzulo ena ndinapeza mtsikana wa ku Rwanda atakhala yekha, chakudya chikuzizira, akuyang'ana funso lake limene linali litakanidwa kachitatu. Ndinakoka mpando. Ndinadzimva ndikumufunsa kuti, kodi kwenikweni mukufuna kudziwa chiyani? Ndinaseka ndekha. Munali mutandisandutsa mmodzi wa inu ine osazindikira.

Ndikukumbukira tsiku lolandira digiri. Amayi anaimba nthungululu imene inadutsa ya wina aliyense. Titafika kumudzi anthu anali atamva kuti mwana wa uje tsopano ndi dokotala, ndipo m'mawa mwake panali mzere pakhomo: wa msana, wa dzino, wa BP. Ndinayesa kufotokoza, mawu anandithera. Amayi ndi amene anandipulumutsa. Anatuluka ndi tsache m'manja n'kunena kuti, "Za matenda akuthandizani monga namwino, monga kale. Udokotala watsopanowu ndi wa mafunso." Mpaka lero sindinapeze tanthauzo la PhD loposa limeneli.

Zikomo kuti simunanditaye pageti nditavala gauni. Ambiri amamaliza PhD n'kumira m'makalasi odzaza ndi m'misonkhano ya makomiti, osafufuzanso kanthu mpaka kupuma ntchito. Inu munali ndi kathumba ka obwerera kwawo, koti munthu ayambire kafukufuku wake woyamba ali woima payekha, ndi mwayi wina wokakhala miyezi ingapo pansi pa akatswiri kwina. Ndi kathumba kameneko ndinabwerera ku mawodi kukayesa chinthu chaching'ono: potulutsa mwana, tizikhazika pansi mayi, bambo ndi agogo pamodzi, n'kugawana kuti wotunga madzi ndani, wofungatira usiku ndani.

Zikomo chifukwa chondiphunzitsa kuwerenga ntchito za ena ndi maso otseguka. Mu 2021 zotsatira za kafukufuku wamkulu wa WHO zinatuluka, wochitikira ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo kwathu kuno anachitikira ku Queen Elizabeth Central Hospital. Anapeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa, osadikira kuti ayambe walimba, kunachepetsa imfa za ana ochepa thupi kwambiri ndi pafupifupi 25 pa 100. Mu 2022 WHO inasintha malangizo ake. Kafukufukuyo sanali wanga kapena wanu, koma ndinatha kumuwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, n'kuimirira pamaso pa ophunzira anga kuwafotokozera m'Chichewa chifukwa chake tiyenera kumukhulupirira.

Ndikukumbukira 2020, chaka chimene WHO inachipatula kuti chikhale cha anamwino ndi azamba, pokumbukira zaka 200 chibadwireni Nightingale. Tinkayembekezera zikondwerero, kunabwera Covid-19. Ndege zinaima, ndipo JAS inasamukira pa kompyuta. Ang'ono athu anaphunzira ali m'zipinda zawo zogona, akulimbana ndi bandulo yotha msanga ndi netiweki yothawa. Ndinkawamvera chisoni kuti sadzalawa tsabola wa ku Ibadan pamodzi. Koma simunatseke sukulu. Pamene kolera anatigwera mu 2022, ndi namondwe Freddy mu March 2023, ndinaona anthu odziwa kufunsa ndi kuwerenga akufunika m'matenti momwe, pambali pa odziwa kuika diripi.

Zikomo kuti munatiperekeza pamene nafenso tinkasintha dzina. Mu 2021 Kamuzu College of Nursing, imene inayamba mu 1979, ndi College of Medicine, ya mu 1991, zinachoka pansi pa University of Malawi n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Anamwino ndi madokotala, amene kale tinkangopatsana moni m'makhonde a chipatala, tinapezeka tili m'nyumba imodzi. Kwa ife odutsa mwa inu sizinali zachilendo. Tinali titazolowera kale kukhala tebulo limodzi ndi wa ntchito ina, kutsutsana naye mwaulemu, n'kukadyera limodzi nkhomaliro.

Zikomo chifukwa cha zokolola. Anthu opitirira 200 alandira thandizo lanu la PhD, ndipo nkhani za kafukufuku zimene asindikiza zinadutsa kale 1,000. Koma ine ndimawerenga mwina. Ndimawerenga nkhope zimene ndinaziona zikunjenjemera pa JAS woyamba, lero zikuima kutsogolo kuphunzitsa pa JAS yemweyo. Aphunzitsi amene anatiumba ena apuma, ena asamukira kwina, ndipo choko achisiya m'manja mwa ana awo. Ndikamva kuti wakuti wachoka, mtima umandipweteka, koma mantha a mu 2017 aja sabweranso.

Ndikukumbukira kukumana ndi asisitala aja chaka chatha, pa ukwati wa mwana wa mnzathu. Anapuma ntchito, tsitsi layera, akuyenda ndi ndodo. Mawu amene anandiuza usiku uja anawaiwala, ndipo sindinawakumbutse. Atamva zimene ndimachita anakhala chete, kenako anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwana wanga, pali chinthu chinkandizunguza mutu zaka zonse. Bwanji ana a ku nesale ankatitayika kwambiri m'bandakucha?" Anali nalo funso lawo nawonso. Analisenza mpaka kupuma nalo ntchito, popanda wowafunsa. Usiku umenewo sindinagone, poganiza za mafunso onse amene anapita kumudzi pamodzi ndi eni ake.

Zikomo, mayi a ku ofesi, inu amene mukunyamuka. Mwana amene munalemba mwezi wake wobadwa m'kabuku kanu ali ku pulayimale tsopano, ndipo aphunzitsi ake akudandaula kuti amafunsa kwambiri. Amayi akupereka moni. Pasipoti yawo ili ndi chidindo cha ulendo umodzi wokha, koma amaisunga m'Baibulo, ndipo mlendo aliyense wofika pakhomo amaonetsedwa. Kumene mukupitako akakulandireni monga munatilandirira ife. Mukakhala ndi mpata wodutsa ku Malawi, nsima ya ufa woyera ndi chambo zikudikirani, ndipo ulendo uno wokumbutsa tsiku ndikhala ine.

Zikomo pasadakhale, inu amene mukhale pa desiki imeneyo. Sindikukudziwani dzina, koma ndili ndi pempho limodzi, lomaliza. Pali mtsikana amene ndinamuphunzitsa, tsopano ndi mzamba ndipo wayamba kuphunzitsa nafe. Mwezi wathawu anandiimbira foni usiku, akuchokera kuwodi kumene amayang'anira ophunzira, mawu ali pansipansi ngati waba kanthu. Anati, "Madamu, pepani ndakudzutsani, koma pali chinthu sindikuchimvetsa." Ndinayatsa nyali, ndinatenga cholembera, n'kumuuza kuti anene. Tsiku lina imelo yake idzafika kwa inu, yodzaza ndi kupepesa. Mudzaiyankhe.

Zikomo za dzulo, a CARTA. Mawa ndilawiriranso.

Ine wanu,
Namwino, mzamba, ndi dokotala wa mafunso
Lilongwe